Mwala Umene Mphatso Anakhalapo

Chithunzicho anthu anali atachiona kale pa foni, ndipo panalibe amene sanachiyamikire. Mphatso anali atakhala pamwala wathyathyathya, atavala jekete lofiira, nkhope atayang'ana kunyanja. Kumbuyo kwake, pamwamba pa chitunda, panali linga lakalekale la mafumu a kumeneko, lamiyala yokhayokha, mbali ina itamezedwa ndi nkhungu. Kumunsi kunkaoneka mchenga woyera ndi timaboti tiwiri ta asodzi.

Anajambula ndi Eugene, mnyamata woti amukwatire, mwezi wa Meyi, pamene awiriwo anakacheza ku kamudzi kena ka m'mphepete mwa nyanja yamchere kumpoto kwa Mangalande. Eugene ankagwira ntchito ya uinjiniya ku Mississauga, mzinda wa ku Canada, koma mtima wake unali pa kamera. Aliyense womufunsa ankamufotokozera momwe anadikirira nkhungu masiku atatu. Tsiku loyamba kunagwa mvula. Tsiku lachiwiri nkhungu inachita kutseka moti sankaona ngakhale nsapato zake. Tsiku lachitatu inang'ambika pakati kwa mphindi ziwiri zokha, linga lija n'kutulukira, iye n'kudina kamera.

Tsopano chinkhoswe chawo chinali Loweruka, mu holo ya tchalitchi, ndipo chithunzicho anachikulitsa pachinsalu chachitali ngati chitseko kuti chikaime polowera alendo.

Lachinayi masana, Regina anaweruka msanga kunyumba yosungira okalamba ku Etobicoke kumene ankagwira ntchito, kuti akachitenge. Regina anali mayi wamng'ono wa Mphatso. Mkulu wake atamwalira ku Ntchisi, anamutenga mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kumulera yekha kuno ku Canada. Chithunzi chachikulu chotero sichikanalowa m'basi, choncho anapempha a Laban Sakala, malume ake a Eugene, omwenso anali nkhoswe ya kuchimuna, kuti amuthandize ndi vani yawo. A Sakala anali a ku Katete, ku Zambia, munthu wodekha, dikoni wa mumpingo, wokonda kuseka.

Regina anali ndi nkhani imene ankayenda nayo mumtima. Masabata awiri apitawo Mphatso anali atamuuza kuti ndi woyembekezera, miyezi itatu. Anagwirizana kuti akuchimuna amve chinkhoswe chikadutsa. Mayi ake a Eugene, mlongo wawo wa a Sakala, anali ku Katete, ndipo anali atayamba kale kung'ung'udza kuti mtsikana wokulira kunja wopanda mayi womubala sangakhale wolangidwa. Regina ankangopempha Mulungu kuti Loweruka lifike mwamtendere.

Kushopu yosindikiza zithunzi, mayi wogulitsa anawauza kuti achione kaye asanasaine. Anachiimika kukhoma n'kumatula pepala lokutira kuyambira pamwamba. Linga linatuluka, kenako nkhungu, kenako nkhope ya Mphatso yaikulu kuposa yeniyeni. A Sakala anagwedeza mutu n'kunena kuti mphwawo ali ndi diso. Pepala litafika pansi, Regina anawerama kuti aone ngati nsapato za mwana wake zatuluka bwino.

Pambali pa mwala uja, pansi pa mwendo wa Mphatso, panali zilembo. Pa foni zinkaoneka ngati ndere chabe. Apa zinali zazikulu ngati chala, zogobedwa mwaluso, mizere inayi. Regina anakweza maso pang'onopang'ono. Zinthu zakuda zimene zinaima m'nkhungu kumbuyo kwa Mphatso, zomwe iye ankaziyesa zitsa za mitengo, zinali ndi mapewa ozungulira, ndipo chimodzi chinali ndi mtanda pamwamba.

A Sakala anatulutsa magalasi m'thumba la malaya, n'kugwada bondo limodzi. Anawerenga chapansipansi, akutsata ndi chala koma osakhudza chinsalu. Linali dzina la mzimayi, Margaret, mkazi wa msodzi wina, amene anamwalira mu 1868 ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Mzere womaliza unkanena kuti wagona pamodzi ndi mwana wake wakhanda.

Regina anagwira kauntala. M'makutu mwake munkangolira.

"Amai a Mphatso," a Sakala anatero ali chigwadire, "mwana uyu ankhala pa manda."

Mayi wogulitsa uja anaona kuti pavuta china chake. Atamufotokozera, anamwetulira mwachifundo n'kunena kuti imeneyo si nkhani: zilembozo akhoza kuzifufuta pa kompyuta, mawa masana n'kusindikiza china. A Sakala anamuthokoza mwaulemu m'Chingerezi, kenako anatembenukira kwa Regina n'kunena m'chinenero chawo kuti kufufuta zilembo sikungamuchotse munthu amene wagona pansipo.

Anachinyamula awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. A Sakala atachigoneka m'vani anazimitsa wailesi, ndipo anayendetsa pang'onopang'ono moti magalimoto ena ankawaimbira hutala. Regina sanacheuke ngakhale kamodzi. Kwawo ku Ntchisi munthu sankalowa kumanda popanda chilolezo, sankaloza manda ndi chala, ndipo mayi woyembekezera sankayandikirako n'komwe. Iye anali atakhala ku Canada zaka makumi awiri, akusambitsa okalamba, ena n'kumwalira atawagwira dzanja, ndipo ankadziyesa munthu wosaopa zoterezi. Koma mawu aja a mzere womaliza sankachoka m'mutu mwake.

Ataima pa maloboti, a Sakala anayankhula. Anati iwo monga nkhoswe sangabise chinthu chotere. Chithunzi chomwechi chinali pa khadi loitanira anthu limene linapita ku Katete ndi ku Ntchisi, ndipo tsiku lina wina adzachikulitsa ndi zala n'kuona zimene iwo aona. Anati amutumizira mlongo wawo uthenga wa mawu kuti akadzuka m'mawa aumve. Regina anafunsa kuti nanga mayiwo akamva adzati chiyani. A Sakala anapumira m'mwamba. Anati akumudziwa mlongo wawo: adzalamula kuti zonse ziime mpaka mtsikanayo apite kumudzi akaonedwe ndi akuluakulu.

"A Sakala, ndapota nanu," Regina anatero. "Tiyeni tikawamve kaye anawo. Mwina pali chimene ife sitikuchiona."

A Sakala anati chimene chinalipo achiona kale, koma anavomera kudikira mpaka akafike.

Regina ankakhala pansanjika yachisanu ndi chinayi. Chithunzicho chinalowa m'chikepe chopendekeka, koma atafika pakhomo pake Regina anakana kuti chilowe m'nyumba. Anachiyedzamiritsa kukhoma la m'njira, pafupi ndi khomo la aneba. Mkati, Mphatso ndi Eugene anali pansi pa kapeti akumanga maliboni pa timphatso ta alendo, dzuwa likuwala pawindo. Eugene anadzuka msangamsanga, maso ali gwa kufuna kuona ntchito yake.

A Sakala anamuitanira panja. Analoza ndi chibwano pansi pa chithunzicho n'kumufunsa ngati akudziwa chimene mkazi wakeyo wakhalira.

Eugene anayang'ana, n'kuseka. Anayankha m'Chingerezi, monga ankachitira nthawi zonse, kuti inde, pamenepo ndi pabwalo la tchalitchi chakale cha m'mudzimo. Anati linga limaoneka bwino ukaima pamenepo basi, ndipo ojambula onse amadziwa zimenezo. Anawerama n'kuyamikira momwe zilembo zatulukira, akuti lenzi ya kamera imene anagwiritsa ntchito ndi yabwino zedi.

"Unadziwa?" a Sakala anafunsa. "Iwe Eugene, unadziwa kuti ni manda, manje unamunkhazika?"

Eugene anaona nkhope za akuluakuluwo ndipo kuseka kunatha, koma anapitiriza kufotokoza ngati munthu amene akuganiza kuti akangomveka bwino zonse zitha. Anati kumeneko manda sali kuthengo ayi. Njira yopita kugombe imadutsa pakati pake. Pali mabenchi. Anthu amayendetsamo agalu, ana asukulu amadutsamo m'mawa uliwonse. Iwonso tsiku lachiwiri lija, nkhungu itakana, anagula nsomba ndi tchipisi n'kukadyera pomwepo.

Regina anagwira pakamwa.

"Munadyera kumanda," anatero motsitsa mawu.

"Pa benchi, Anti," Eugene anatero. Kenako, ngati kuti akufuna kuwasangalatsa, anawonjezera kuti chithunzichi n'chokongola moti mayi wophika keke wati achisindikiza pamwamba pa keke ya Loweruka.

A Sakala anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anafunsa ngati wamva bwino, kuti alendo zana limodzi, abusa ndi akazi awo omwe, akanadulirana chiliza cha munthu n'kumadya ndi mafoloko. Apo a Sakala anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza dzina la mlongo wawo.

Mphatso anali ataima pakhomo, riboni ili m'manja. Chichewa chake chinali chodukaduka, ndipo nthawi zambiri ankachita nacho manyazi pamaso pa akuluakulu, koma apa anayankhula chomwecho.

"Ankolo, dikirani. Sindinafune kukhala. Tinadzuka m'mawa kwambiri, sindinadye. Mutu unazungulira, miyendo inafooka. Ndinangokhala pa chimene chinali pafupi. Ndiye Eugene anati, usasunthe, usasunthe, nkhungu yatseguka."

Anati atadzuka ndi pamene anaona zilembo. Anawerenga dzinalo, n'kupepesa kwa mayiyo chamumtima, monga umapepesera ukaponda munthu m'basi. Sanaganize kuti pali china choposa pamenepo.

Chala cha a Sakala chinaima pa foni. Anali bambo wa ana anayi. Anamuyang'ana Mphatso kumaso, kenako diresi lotaya limene anavala, kenako Regina. Anafunsa mofatsa kuti chizungulire chimenecho chinatha kapena chimabwerabe m'mawa.

Mphatso anayang'ana pansi. Regina anadziwa kuti pobisala patha.

"Miyezi itatu," anatero. "Timati tikuuzeni Loweruka likadutsa. Kulakwa n'kwanga, si kwa mwana."

A Sakala anatsamira khoma, mbali inayo ya chithunzi. Anayang'ananso mzere womaliza uja, ndipo Regina anaona kuti nawonso mantha omwe aja awagwira. A Sakala anati ndiye kuti amene anakhala pamenepo anali awiri, mayi ndi mwana. Eugene anayamba kunena kuti nthawi imeneyo iwo sankadziwa n'komwe, koma malume akewo anakweza dzanja kumuletsa.

Regina sanali munthu wa mikangano. Pa ntchito ankadziwika kuti ngakhale nkhalamba yokana kusamba iye amainyengerera mpaka ivomere. Anayandikira a Sakala n'kuyankhula ngati akuwauza za nyengo. Anati uthengawo atumize ndithu, iye sangawaletse, koma aufotokoze wonse. Anene kuti mtsikana atagwidwa chizungulire kumanda, amene anali naye sanamunyamule kumuchotsapo, koma anamuuza kuti asasunthe. Anene kuti amene anasankha malowo, amene anagula tchipisi, amene anapereka chithunzi kwa wophika keke, ndi mwana wa ku Katete, wobadwa kwa mayi wamoyo, woleredwa ndi malume ake dikoni. Ndipo anenenso kuti pathupipo ndi pa yani.

A Sakala anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Amai a Mphatso, mumakamba monga simufuna kupha munthu."

"Ine ndikungokuthandizani kuti musaiwale mbali ina," Regina anatero.

Akanatha kusiyira pomwepo, koma Mphatso anali asanamalize. Misozi inali itayamba. Anatembenukira kwa Regina n'kufunsa kuti akanadziwa bwanji. Tsiku loika mayi ake ku Ntchisi, ana onse anawatsekera m'nyumba ya aneba, ndipo iye anangomva nyimbo zikupita kutali. Patapita miyezi iwiri anakwera ndege. Chiyambire sanaonepo pamene mayi ake anagona, ngakhale pachithunzi.

"Amayi, inu simunandiuzepo za manda. Ndikafunsa mumati tidzakamba. Ndimaganiza ndi malo achisoni basi. Sindimadziwa kuti ndi malo oopsa."

Regina anali atamuphunzitsa mwanayu kugwada popereka madzi, kulandira ndi manja awiri, kusatchula akuluakulu maina. Za imfa ankazizemba chifukwa zinkamukumbutsa mkulu wake, ndipo zaka zinangodutsa. Anatambasula dzanja n'kumuchotsera riboni ija imene anali ataipotokola mpaka kuduka.

A Sakala anabweza foni m'thumba. Anati iwonso mphwawoyu anakulira m'nyumba mwawo kuyambira ali ndi zaka khumi, ndipo sakumbukira tsiku limene anamukhazika pansi kumuuza zimenezi. Kenako anafunsa Regina kuti kwawo anthu akamachokera kumanda amatani. Regina anati amapeza beseni la madzi panjira, muli masamba amene akuluakulu amadziwa, n'kusamba m'manja ndi kumapazi asanalowe m'mudzi. A Sakala anati kwawonso n'chimodzimodzi. Masambawo kuno kulibe, ndipo miyezi yadutsa, koma madzi alipo.

Regina anakatenga beseni lochapira ndi jagi. Anayala thaulo lakale pakhomo kuti kapeti ya m'njira isanyowe, n'kuwauza awiriwo kuti avule masokosi aime kunja. Eugene anayang'ana uku ndi uku kuopa aneba, n'kufunsa chapansipansi ngati zimenezi zimagwiradi ntchito.

"Iwe imilira chabe," a Sakala anatero. "Wenze kudikira nkhungu masiku atatu, ungalephere mphindi zibili?"

Regina anathira madzi m'manja mwa Mphatso, kenako kumapazi, akusisita ndi dzanja lake monga ankachitira mwanayo ali wamng'ono. A Sakala anathirira Eugene, mosasamala kwenikweni, mpaka thalauza linanyowa. Atatha anapemphera mwachidule. Anapempherera mwana wosabadwayo, ndipo anatchulanso Margaret ndi khanda lake, kuti agone mumtendere ndipo akhululukire ana osadziwa. Awiriwo analowa m'nyumba osavala nsapato.

Panatsala chithunzi. Eugene anapempha kuti mwina achisunge kunyumba kwake, asachipachike, angochisunga. Anati pa zithunzi zonse zimene anajambulapo, chimenechi ndiye chinamutulukira. Anayang'ana Mphatso, ndipo Mphatso anapukusa mutu pang'ono. Eugene analowa kukhitchini n'kubwera ndi kampeni kotsegulira makatoni.

Anagwada m'njiramo, n'kuyeza ndi diso nthawi yaitali. Pomaliza anadula chinsalucho mopingasa, pamwamba pa miyala ija ya m'nkhungu. Kumtunda kunatsala linga, thambo lotuwa, ndi kachidutswa ka nyanja. Mphatso yense anapita ndi mbali ya kumunsi. Eugene anachinyamula chotsalacho n'kuchiyang'ana, ndipo anati tsopano changokhala ngati chithunzi cha pa kalendala. A Sakala anati kalendala sinaphepo ukwati wa munthu, ndipo anamuuza kuti aimbire wophika keke nthawi yomweyo, iwo akumva.

Mayiyo anayankha kuti anali asanasindikize, ankati achite mawa. Eugene anamuuza kuti aikepo maluwa basi.

Mbali ya kumunsi ija a Sakala anaikulunga okha, zilembo zili mkati, n'kunena kuti akaipereka kwa abusa kuti aone chochita nayo, poti dzina la munthu silingatayidwe m'bini. Ataima pa chikepe anatembenuka. Anati Loweruka adzafika ndi akuchimuna thu koloko monga anapangana. Za mwanayo adzamuuza okha mlongo wawo Lamulungu akachoka kutchalitchi, ndipo adzayamba ndi kulakwa kwa Eugene. Za mwalawo zitsale pakati pa anthu anayi amene analipo. Wina ku Katete akadzakulitsa khadi lija n'kufunsa, iwo ndi amene adzayankhe.

"Zikomo, a Sakala," Regina anatero, atapinda mawondo pang'ono.

"Musaniyamike. Nikali kunjenjemera."

Chikepe chitatseka, Regina anatola beseni n'kukataya madzi aja kubafa. Pobwerera anakhala pansi pakati pa timphatso tija. Mphatso anadzakhala pambali pake n'kufunsa ngati angamuuze tsopano za tsiku limene anaika mayi ake. Regina anati amuuza, koma ayambe wamwa madzi. Eugene anapita kukawatenga.